Melrose: Kamzinda Kamene Kadapatsa Maiko Maseŵero Atsopano

 M'nkhani yathu ya lero tichoka pang'ono pa mpira wa miyendo umene tidauzoloŵera, kuti tikambe za mpira wina wotchedwa rugby, makamaka za kalabu imodzi ya m'kamzinda kakang'ono ka ku Scotland. Kamzindako dzina lake ndi Melrose. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 2,500, ndipo munthu angathe kukadutsa wapansi kuchokera kumalire ano kufika kumalire enawo asadatope. Komabe pamene maiko adayamba kulimbirana chikho cha dziko lonse cha rugby ya anthu asanu ndi aŵiri m'chaka cha 1993, chikhocho adachitcha dzina la kamzinda kameneka. Tsono tifuna tione m'mene zimenezi zidachitikira, ndiponso chimene chidaigwera kalabuyo pamene ndalama zidaloŵa m'maseŵero amene kale anthu ankaseŵera osalandira kanthu.

Melrose ali kummwera kwa Scotland, dziko lija kudachokera David Livingstone, m'chigawo chotchedwa Borders chifukwa chiri m'malire ndi England. Kuchokera ku likulu la dzikolo, Edinburgh, ndi ulendo wosakwana mamailosi 40. Kamzindaka kadamangidwa pakati pa mtsinje wa Tweed ndi mapiri atatu otchedwa Eildon, ndipo m'kati mwake muli mabwinja a nyumba ya amonke imene Mfumu David I idakhazikitsa m'chaka cha 1136. Chigawo chonsechi n'cha alimi oŵeta nkhosa. M'zaka za m'ma 1800 mizinda yoyandikana nako ya Galashiels, Hawick ndi Selkirk idakula chifukwa cha mafakitale oomba nsalu za ubweya wa nkhosa, koma Melrose adakhalabe wochepa, malo a masitolo oŵerengeka, matchalitchi ndi msika.

Popeza ambiri mwa inu simudaonepo rugby, ndi bwino tiyambe taifotokoza. Mbali iriyonse imakhala ndi anthu 15, ndipo amaseŵera mphindi 80. Mpira wake ndi wotalika ngati dzira. Woseŵera amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, ndipo adani ali ndi ufulu womugwira ndi kumugwetsa pansi. Lamulo lalikulu ndi lakuti munthu saloledwa kuponyera mnzake mpira kutsogolo; ayenera kuponyera amene ali pambali kapena kumbuyo kwake, ngakhale kuti kuumenya ndi phazi kutsogolo n'kololedwa. Cholinga ndicho kukagunditsa mpirawo pansi kuseri kwa mzere wa adani. Kuchita zimenezi eni ake amati try, ndipo masiku ano kumapatsa timu mapointi asanu. Pambuyo pake timuyo imapatsidwa mwayi womenya mpira ndi phazi kuti udutse pamwamba pa mtanda wa golo, ndipo ukadutsa amawonjezera mapointi aŵiri. Pakachitika cholakwa chaching'ono, amuna asanu ndi atatu a mbali iyi amaŵerama n'kukoloŵekana mapeŵa ndi asanu ndi atatu a mbali inayo, n'kumakankhana ngati nkhunzi, kulimbirana mpira umene waponyedwa pakati pa miyendo yawo.

Maseŵeroŵa adabadwira m'sukulu za ana a anthu olemera ku England, ndipo dzina lawo lidachokera ku sukulu ya mumzinda wa Rugby. Ku Scotland nakonso adafikira m'sukulu zapamwamba za ku Edinburgh ndi Glasgow. Ku Edinburgh komweko ndiko kudachitikira mpikisano woyamba wa maiko aŵiri pa 27 Malichi 1871, pamene Scotland idagonjetsa England. Koma atafika m'chigawo cha Borders, maseŵeroŵa adapeza eni ena. Kumeneko adawalandira ndi anthu oomba nsalu, amisiri omanga nyumba, abusa a nkhosa ndi ogulitsa m'masitolo. Anthu ameneŵa adali kale ndi maseŵero awo amakolo olimbirana kampira m'misewu, mudzi wonse utagaŵikana paŵiri, monga amachitirabe ku Jedburgh chaka ndi chaka. Motero kugwirana ndi kugwetsana sikudali kwachilendo kwa iwo. Kalabu ya Langholm idayamba mu 1871, ya Hawick mu 1873, ndipo ya Melrose mu 1877. Bwalo lake, lotchedwa Greenyards, liri m'kati mwenimweni mwa kamzindako, m'munsi mwa tchalitchi, ndipo malaya a timuyo ndi a mizere yachikasu ndi yakuda.

Chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwiritsa ndi chakuti oseŵera a nthaŵi imeneyo sankalipidwa. Munthu ankagwira ntchito yake sabata yonse, Loŵeruka masana n'kuvala malaya a timu, Lolemba m'maŵa n'kubwerera ku ntchito ndi zilonda zake. Akuluakulu a rugby adali ouma mtima pa lamulo limeneli. M'chaka cha 1895 makalabu 22 a kumpoto kwa England adapatuka chifukwa ankafuna kumabwezera oseŵera awo ndalama zimene ankataya akajomba ku ntchito, ndipo kupatukako kudabala maseŵero ena otchedwa rugby league. Otsalawo, amene maseŵero awo amatchedwa rugby union, adasunga lamulo losalipira kwa zaka zina 100. Melrose adali m'gulu la otsalaŵa. Koma ngakhale oseŵera asalandire kanthu, kalabu imafuna ndalama za mipira, za malaya, za kusamalira bwalo ndi za ulendo wa pa sitima. Kalabu ya mumzinda waukulu ingathe kudalira unyinji wa olipira pakhomo. Nanga ya m'kamzinda ka anthu oŵerengeka idalire yani?

M'chaka cha 1883, kalabu ya Melrose iri ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, thumba lake lidauma. Pakati pa oseŵera ake padali mnyamata wina dzina lake Ned Haig, wobadwira ku Jedburgh mu 1858, amene adabwera ku Melrose kudzaphunzira ntchito yogulitsa nyama m'butchala ya David Sanderson. Sanderson ameneyu ndiye adalinso mtsogoleri wa timu. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Haig adapereka nzeru yakuti kalabu ikonze tsiku la maseŵero, iitane matimu a midzi yoyandikana, anthu alipire pakhomo, ndipo chikho chipezeke ndi mwini wake dzuŵa lisadaloŵe. Vuto lidali lakuti amuna 15 mbali iriyonse sakadatha kuseŵera kangapo masana amodzi. Choncho adagwirizana zochepetsa zonse ziŵiri, anthu ndi nthaŵi: oseŵera akhale asanu ndi aŵiri mbali iriyonse, ndipo mpikisano uliwonse utenge mphindi 15 zokha. Bwalo lokha ndilo sadalichepetse.

Tsikulo lidali Loŵeruka, pa 28 Epulo 1883. Padabwera matimu asanu ndi aŵiri: Melrose, Gala, Gala Forest, Selkirk, Earlston, St Cuthbert's ya ku Hawick ndi St Ronan's ya ku Innerleithen. Kuwonjezera pa mpirawo padali mipikisano ya liŵiro ndi ya kumenya mpira patali, pakuti okonza tsikulo sadafune kuti wolipira pakhomo aŵiringule. Chikho chidaperekedwa ndi amayi a mu Melrose, ndipo n'chifukwa chake chimatchedwa Ladies Cup. Mu ndime yotsiriza mudakumana eni bwalo ndi Gala, timu ya ku Galashiels, mzinda umene uli pa mtunda wa mamailosi anayi okha. Mphindi 15 zidatha popanda wogoletsa, ndipo atsogoleri a matimu adagwirizana zowonjezera nthaŵi. M'kati mwa nthaŵi yowonjezerayo Sanderson adagunditsa mpira kuseri kwa mzere wa Gala, ndipo pomwepo adatulutsa anyamata ake m'bwalo n'kukatenga chikho, osadikira kuti mphindi zotsalazo zithe. A Gala adadandaula kwambiri, koma chikho chidapita. Chodabwitsa n'chakuti zimene adachita Sanderson tsiku limenelo ndizo zidasanduka lamulo: kufikira lero, matimu akalingana mphamvu m'ndime yochotsana, woyamba kugoletsa m'nthaŵi yowonjezera ndiye wapambana.

Tiyeni tione chimene chidasintha pamene anthu 14 adayamba kuseŵera m'bwalo la anthu 30. Malo adachuluka. Munthu wamphamvu koma wolemera thupi, amene ali mfumu pa kukankhana kuja, adapezeka kuti alibe pobisala, pakuti woseŵera aliyense ayenera kuthamanga, kugwira mdani ndi kuponya mpira molunjika. Munthu mmodzi akaphonya kugwira mdani wake, kaŵirikaŵiri palibenso wina kumbuyo womuthandiza. Pokankhana pamaloŵa anthu atatu okha mbali iriyonse. Masiku ano amaseŵera mphindi zisanu ndi ziŵiri, n'kupuma pang'ono, n'kuseŵeranso zina zisanu ndi ziŵiri. Wopenyerera, ngakhale asadziŵe malamulo onse, amaona yekha amene wathaŵa ndi mpira ndi amene watsalira. Zonsezi Haig ndi anzake sadazilinge. Iwo ankangofuna kuti kalabu yawo isafe ndi ngongole, ndipo njira imene adaipeza idakhala yokomera aliyense wosoŵa anthu, nthaŵi kapena ndalama.

Oyamba kutengera nzeruyi adali anansi omwe adagonja aja. Gala idakonza tsiku lake mu 1884, kenaka Hawick, Jed-Forest mu 1894 ndipo Langholm mu 1908. Kuyambira pamenepo miyezi ya Epulo ndi Meyi idasanduka nyengo ya mpira wa asanu ndi aŵiri m'chigawo cha Borders, Loŵeruka lirilonse mzinda wake. Kwa zaka pafupifupi 40 maseŵeroŵa adakhala ngati mwambo wa chigawo chimenechi. Mu 1926 adafika ku London, kumene kudayamba mpikisano wa Middlesex. Mu 1976 kudayamba mpikisano wa ku Hong Kong, umene udasonkhanitsa matimu a ku Asia ndi a zisumbu za m'nyanja ya Pacific, ndipo kumeneko ndiko anthu a maiko ena adayamba kuona luso la anyamata a ku Fiji. Mu 1993 bungwe la rugby la Scotland lidachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse pa bwalo la Murrayfield ku Edinburgh. England ndiyo idatenga chikho chija chotchedwa Melrose Cup. Kufikira mu 2022, pamene mpikisanowu udachitikira ku Cape Town, chikhochi chidalimbiranidwa kasanu ndi katatu, ndipo Fiji ndi New Zealand adachitenga katatu aliyense.

Ned Haig adamwalira mu 1939, asadaone zambiri mwa zimenezi. Mu 2008 bungwe loyendetsa rugby pa dziko lonse lidalemba dzina lake, pamodzi ndi la kalabu ya Melrose, m'kaundula wa anthu olemekezeka a maseŵeroŵa. Chaka chotsatira akuluakulu a Olimpiki adavomera kuti rugby ya asanu ndi aŵiri iloŵe m'maseŵero awo. Rugby ya anthu 15 idali itachoka ku Olimpiki mu 1924, ndipo idabwererako itavala chovala cha ku Melrose patapita zaka 92, mu 2016 ku Rio de Janeiro. Kumeneko Fiji, dziko la anthu osakwana miliyoni imodzi, limene lidali lisadalandirepo mendulo iriyonse ya Olimpiki, lidagonjetsa Great Britain ndi mapointi 43 kwa 7 n'kutenga mendulo ya golide. M'timu yogonjayo mudali Mark Robertson, amene adakulira m'kalabu ya Melrose, ndipo adabwerera kwawo ndi mendulo ya siliva. Kwa amayi golide adapita ku Australia. M'chaka chomwecho, m'mwezi wa Epulo, Kenya idagonjetsa Fiji yomweyo ndi mapointi 30 kwa 7 mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa ku Singapore. Maiko amene alibe oseŵera okwanira kupikisana ndi zimphona m'rugby ya anthu 15 adapeza khomo loloŵera, ndipo khomolo lidatsegulidwa ndi kalabu imene nayonso idali yosoŵa.

Koma tingalakwe titaganiza kuti mbiri ya Melrose idathera pa tsiku limodzi la mu 1883. M'nyengo yozizira kalabuyo inkaseŵera rugby ya anthu 15 monga anzake onse. Mu 1901 idagwirizana ndi Gala, Hawick, Jed-Forest ndi Langholm kuyambitsa ligi ya Border League, imene iri yakale koposa ligi ina iriyonse ya rugby union. Akuluakulu a ku Edinburgh sankakondwera ndi maligi, poopa kuti kulimbirana malo kudzabweretsa mtima wofuna malipiro, koma makalabu a Borders adali kutali ndi mizinda ikuluikulu ndipo ankafuna adani odalirika oti aziseŵera nawo chaka ndi chaka. M'ligi imeneyi Melrose kaŵirikaŵiri adali wamng'ono pakati pa akuluakulu. Hawick, mzinda wa mafakitale wokhala ndi anthu ochuluka kangapo, ndiyo inkalamulira, kotero kuti pamene ligi ya dziko lonse la Scotland idayamba mu 1973, Hawick idapambana zaka zisanu zoyamba motsatizana.

Ngakhale zidali choncho, kamzindaka kadatulutsa oseŵera amene adavala malaya a dziko lawo. M'zaka za m'ma 1960 padali David Chisholm ndi Alex Hastie, amene ankaseŵera moyandikana ku kalabu ndi ku timu ya dziko, padalinso Frank Laidlaw ndi Jim Telfer. Pambuyo pawo padadza Keith Robertson, bambo wake wa Mark tamutchula uja, amene adaseŵerera Scotland nthaŵi 44. Mwa onseŵa, amene tiyenera kuimapo pang'ono ndi Telfer. Iyeyu, mwana wa mbusa wa nkhosa, adabadwa mu 1940, adaseŵerera Scotland nthaŵi 25, ndipo ntchito yake yeniyeni idali ya uphunzitsi wa sayansi, mpaka adakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale ya ku Hawick. Mu 1984, ali mphunzitsi wa timu ya dziko, Scotland idagonjetsa Wales, England, Ireland ndi France m'chaka chimodzi, chinthu chimene idali isadachitenso chiyambire 1925. Mu 1990 idabwerezanso, Telfer ali wothandizana ndi Ian McGeechan. Pa mpikisano wotsiriza wa chaka chimenecho, pa 17 Malichi, Scotland idagonjetsa England ndi mapointi 13 kwa 7, ndipo asanu ndi anayi mwa mapointiwo adachokera ku phazi la Craig Chalmers, mnyamata wa ku Melrose wa zaka 21.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Telfer adayamba kuphunzitsa timu yakwawo. Adapeza gulu la anyamata amene ambiri mwa iwo adakulira m'kamzindako ndi m'minda yozungulira: Chalmers, Bryan Redpath, Graham Shiel, Carl Hogg, ndi mwana wa mlimi wamtali ngati mlongoti, Doddie Weir. Telfer adali munthu wovuta kumukondweretsa. Ankawabwereza chinthu chimodzimodzi usiku wozizira kufikira atachidziŵa, makamaka kuŵerama ndi kuchotsa adani pa mpira umene wagwa pansi, kuti utuluke msanga adani asadakonzeke. Zipatso zake zidaoneka. Melrose adatenga ligi ya Scotland kwa nthaŵi yoyamba mu 1990, n'kuitenganso mu 1992, 1993, 1994, 1996 ndi 1997, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi m'zaka zisanu ndi zitatu. Mu 1997 adatenga ligi, chikho cha Scotland, Border League ndi chikho cha tsiku lawo la asanu ndi aŵiri, zonse m'nyengo imodzi. Kanthu ndi khama, phwiti adakwatira njiŵa.

Koma pamene Melrose ankakolola zikho zimenezi, nthaka idali itayamba kale kusuntha pansi pa mapazi ake. Pa 26 Ogasiti 1995, akuluakulu a rugby ya dziko lonse atasonkhana ku Paris adachotsa lamulo loletsa malipiro. Makampani a wailesi yakanema adali atayamba kuthira ndalama zambiri m'maseŵeroŵa, ndipo lamulo lakalelo silikadathanso kuima. Mwadzidzidzi luso limene anyamata a ku Melrose ankalipereka kwaulere lidakhala ndi mtengo wake, ndipo mtengowo kamzinda ka anthu 2,500 sikakadaukwanitsa. Doddie Weir adapita ku Newcastle, ku England, kumene adakatenga ligi ya dzikolo mu 1998. Redpath pambuyo pake adakaseŵera ku France ndi ku England. Sitingawadzudzule, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo munthu amene thupi lake ndilo khasu lake ayenera kulima nthaŵi ikadalipo. Koma dziŵe limene adachokamo lidaphwa.

Padabukanso mkangano woŵaŵa m'dziko la Scotland. Funso lidali lakuti: kodi ndani adzaimira dzikolo m'mipikisano yatsopano ya ku Ulaya, makalabu akale kapena matimu a zigawo osonkhanitsa oseŵera abwino a makalabu ambiri? A Melrose, pokhala akatswiri a dziko, ankati mwayiwo ndi wawo, adaugwirira ntchito. Bungwe la rugby la Scotland linkati dziko laling'ono lokhala ndi oseŵera ochepa silingathe kumwaza mphamvu zake m'makalabu ambiri osauka. Amene adatsogolera maganizo a bungweli adali Jim Telfer yemweyo, amene pa nthaŵiyo adali mkulu woyang'anira maseŵero m'bungwemo. Munthu amene adakweza Melrose ndiye adaima pa mfundo imene idachotsera Melrose oseŵera ake. Mu 1996 nkhani idagamulidwa mokomera zigawo. Onse aŵiri adali ndi mfundo zomveka, ndipo anthu a kumeneko amatsutsanabe za nkhaniyi.

Chimene chidatsatira n'chomvetsa chisoni kwa chigawo chimene chinkadzitcha mtima wa rugby ya Scotland. Timu yolipidwa ya Borders idaphatikizidwa ndi ya Edinburgh mu 1998, idaukitsidwa mu 2002 ku Galashiels, ndipo idathetsedwa mu 2007 chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi kwa openyerera. Munthu wa ku Hawick kapena wa ku Melrose, amene atate ake ndi agogo ake adafuulira malaya a mudzi wawo, sadaone chifukwa chokafuulira timu yopanda mudzi. Mafakitale ambiri a nsalu nawonso adali atatsekedwa, ndipo achinyamata ankapita ku mizinda ikuluikulu kukafuna ntchito. Kuyambira 2007 Scotland idatsala ndi matimu aŵiri okha olipidwa mokwanira, a ku Edinburgh ndi ku Glasgow. Mu 2019 bungwe lija lidayesa njira ina ya matimu asanu ndi imodzi a oseŵera olipidwa pang'ono, ndipo imodzi mwa iwo, Southern Knights, inkaseŵera pa Greenyards. Njira imeneyonso idathetsedwa mu 2024.

Nanga kalabu ya Melrose idatani? Idakhala zaka 14 osatenganso ligi. Koma sidatseke zitseko. Idabwerera ku ntchito imene idaidziŵa kuyambira kale, yolera ana a m'kamzindako ndi a m'midzi yozungulira, kuyambira aang'ono mpaka a timu ya achinyamata yotchedwa Melrose Wasps. Ndipo ena mwa ana a ng'ona aja adabwerera ku dziŵe lakwawo. Craig Chalmers, ataseŵerera Scotland nthaŵi 60, adadzakhala mphunzitsi wa timu, ndipo pansi pa iye Melrose adatenga chikho cha Scotland mu 2008 ndi ligi mu 2011 ndi 2012. Kalabuyo idatenganso ligi mu 2014 ndi 2018, ndi chikho mu 2017 ndi 2018. Telfer naye, atapuma pa ntchito zake zonse zapamwamba, munthu amene adaphunzitsapo timu ya British Lions ku New Zealand mu 1983 ndi ku South Africa mu 1997, adapezeka pa bwalo lakwawo akuphunzitsa anyamata a Wasps osakwana zaka 18.

Doddie Weir adabwerera m'njira ina. Ataseŵerera Scotland nthaŵi 61 ndi kupuma, adalengeza mu 2017 kuti adamupeza ndi nthenda yofoola mitsempha ndi minofu, yotchedwa motor neurone disease, imene kufikira lero iribe mankhwala ochiza. Zaka zimene zidamutsalira adazithera posonkhetsa ndalama zofufuzira nthendayo kupyolera m'bungwe limene adalikhazikitsa, ndipo lidasonkhanitsa mapaundi mamiliyoni ambiri. Adamwalira pa 26 Novembala 2022 ali ndi zaka 52. Mwambo wa chikumbutso chake udachitikira m'tchalitchi chija choyang'ana bwalo la Greenyards, ndipo anthu amene sadapeze malo m'katimo adakhala m'bwalomo n'kumamvera mapemphero pa zokuzira mawu, pamalo pomwe ankamuonera akudumphira mpira ali mnyamata.

Tsiku lija la Ned Haig nalonso lidapitirira chaka ndi chaka, kupatula nthaŵi ya nkhondo ziŵiri zikuluzikulu ndi zaka za mliri wa Covid-19, 2020 ndi 2021. Kwa zaka zambiri linkachitika Loŵeruka lachiŵiri la mwezi wa Epulo, ndipo alendo obwera tsiku limenelo amachuluka kangapo kuposa eni kamzindako. Matimu otchuka a maiko akutali akhala akubwera kudzaseŵera pa bwalo limene maseŵeroŵa adabadwira. Pa chikondwerero cha zaka 100, mu 1983, chikho chidapita kwa French Barbarians a ku France, ndipo mu 1990 chidapita kwa Randwick a ku Australia. Eni bwalo amachitenga mwa apo ndi apo, monga mu 1997, 1998 ndi 2011. Koma cholinga cha tsikulo sichidasinthe chiyambire 1883. Ndalama za pakhomo ndi za malonda a tsiku limenelo ndizo zimathandiza kuyendetsa kalabu, ndipo ntchito yaikulu yolikonza imagwiridwa ndi anthu odzipereka a m'kamzindamo: ogulitsa matikiti, olondolera magalimoto, ophikira alendo ndi otola zinyalala m'maŵa mwake.

Tikaiyang'ana mbiri yonseyi tiona kuti kalabu ya Melrose idayesedwa kaŵiri. Poyamba idayesedwa ndi kusoŵa ndalama, ndipo idayankha ndi nzeru imene lero yafika ku Olimpiki. Kachiŵiri idayesedwa ndi kuchuluka kwa ndalama m'manja mwa ena, ndipo mayeso ameneŵa ndiwo adali ovuta koposa, pakuti adaichotsera oseŵera amene idawalera yokha. Masiku amene timu ya kamzinda kotere inkapereka oseŵera anayi kapena asanu ku timu ya dziko nthaŵi imodzi adapita, ndipo n'kovuta kuona m'mene angabwererere. Mnyamata waluso wa ku Melrose lero, akafuna kuvala malaya a Scotland, ayenera kuchoka kwawo akadali wamng'ono. Chimene chatsalira kalabu ndi ntchito yoyambirira ija, yopatsa mwana mpira m'manja, ndi kukhala malo amene wochoka angabwerereko. Matimu olipidwa adabadwa n'kufa m'chigawo chimenechi kangapo m'zaka zosakwana 30, koma kalabu ya anthu osalipidwa, imene idayamba mu 1877, ikuseŵerabe pa bwalo lake lomwelo.

Kwa inu amene mumayendetsa matimu ang'onoang'ono, amene mumadziŵa kuŵaŵa kwa kusonkha ndalama za mpira umodzi ndi kuona mnyamata wanu wodalirika akutengedwa ndi timu ya mumzinda, mbiri ya Melrose si yachilendo. Anthu a kumeneko sadapeze mankhwala oletsa oseŵera kuchoka. Adangoonetsetsa kuti pamene wina akuchoka, pali ana ena amene akuphunzira, ndipo pali akuluakulu ofuna kuwaphunzitsa popanda malipiro. Pa lero tilekeze pomwepa.